Ndinkadziwa Chimene Chinkamuwawitsa Mutu

Abale anga, a tcheyamani andipatsa mphindi khumi, koma ndikuuzirenitu kuti ndidutsitsa. Nkhani iyi ndikaidula pakati sindidzaiyambanso. Ndine Mofati, kwathu ndi kwa Mauwa. Ambiri a inu mumandidziwa ndi dzina lina lija, Bwana Khadi, ndipo ndikuona ena kumbuyoko mukubisa mano. Sekani, palibe mlandu. Enanu munkandigulira kachasu kuti ndivale magalasi obirira m'madzi ndikuvinireni pa Namadzi pompano, ndiye tisanamizane kuti sitidziwana.

Tonse muno watisonkhanitsa ndi mowa. Koma ine mowa unandipeza nditagwa kale. Chinandigwetsa ndi matama, ndipo amene anavulala nawo matama angawo si ine ayi. Ndi mnzanga Yusufu.

Yusufu ndi wa konkuno ku Namadzi. Tinadziwana pamsika tili anyamata, iye akumata matayala a njinga, ine ndikugulitsa nandolo wa achemwali anga. Iye Msilamu, ine wa tchalitchi. Iye Myao, ine Mlomwe. Ankandinena kuti kwathu timadya chilichonse chokwawa, ine n'kumamuuza kuti akuphonya zokoma, basi ubwenzi n'kuyambira pamenepo. Mu 1994 tinamva kuti kunyanja kuli mzungu wina amene akulemba anthu ogwira tinsomba tamawangamawanga totumiza kunja. Ife osambira mumtsinje wa Mombezi, madzi olekeza m'chiuno, tinanyamula zikwama kuti tikakhale obira m'madzi. Musandifunse chimene tinkaganiza.

Ntchito yake inali yotere. M'boti mumakhala kompuresa, makina opopa mpweya. Kuchokera pamenepo paipi yaitali imatsikira m'madzi, iwe n'kuiluma kukamwa, kaukonde kumanja, n'kumathamangitsa tinsomba m'mapanga a miyala. Tinagwira zaka zinayi, ine ndi Yusufu, boti limodzi, chipinda chimodzi, bulangete limodzi nthawi yozizira. Pansi pa madzi simuyankhulana, koma ine ndinkadziwa kuti Yusufu watopa pongoona mmene akupalasira miyendo. Tsiku lina paipi yanga inapindikira pamwala, mpweya n'kuduka. Ndisanayambe n'kupupuluma komwe, Yusufu anali atandiika yake pakamwa. Tinakwera pang'onopang'ono tikupuma mosinthana, ndipo titafika m'boti chimene ananena n'chakuti mkamwa mwanga mukununkha usipa.

Kenako kunabwera mzungu wina pa loji ina chapafupi, mphunzitsi wa kubira ndi matanki a mpweya kumsana. Ankafuna Amalawi oti awaphunzitse kuti azitsogolera alendo. Koma panali buku lachingerezi ndi mayeso olemba. Ine ndinalekeza Fomu 2, ndiye ananditenga. Yusufu amawerenga Chiarabu bwino kuposa mmene ine ndimawerengera Chinyanja, koma Chingerezi ayi. Anamusiya. Iye ndi amene ananditsukira malaya oti ndivale tsiku loyamba.

Ndisamunamizire mzungu uja. Zambiri zimene ankaphunzitsa zinali zoona. Iye ankati pali njira imodzi yokha yobirira m'madzi, zina zonse n'kudzipha. Aliyense azivala zofanana. Paipi yaitali idutse mbali iyi, mpeni ukhale apa, tochi apa, chingwe apa, kuti mnzako akavutika mumdima dzanja lako lidziwe pogwira usanaganize n'komwe. Ukasuntha kachingwe kamodzi kuchoka pamalo pake, tsiku limenelo sulowa m'madzi. Ndiye panali malamulo atatu amene tinkawanena m'mawa uliwonse ngati katekisimu. Usalowe m'madzi wekha. Usalowe ndi munthu amene si wa njira yathu. Ndipo njira yathu siphunzitsidwa zidutswazidutswa, munthu atenge yonse kapena aisiye yonse.

Tinakhoza anthu asanu ndi mmodzi, n'kutipatsa makhadi okhala ndi zithunzi zathu. Abale, khadi limenelo linandilowa m'mutu kuposa kachasu aliyense amene ndinamwapo. Tinayamba kuyenda tokhatokha, kudya tokhatokha. Anzathu a paipi aja, amene dzulodzulo tinkagawana nawo chinangwa, tinawapatsa dzina. Tinkawatchula kuti achule. Dzina limeneli sanabweretse mzungu ayi, tinalipeka tokha, ndipo amene analiyambitsa ndi ine ndikuyankhulane.

Lamlungu lina masana Yusufu anabwera ku loji kudzandiona, atanyamula jumbo ya nsomba zowamba. Anandipeza ndikutsuka zida pamodzi ndi anzanga a makhadi. Anaima n'kumasirira matanki aja, kenako anati, "Aise, tsiku lina udzanditenge tikalowe limodzi, ndidzaoneko mmene zimakhalira popanda paipi yokukoka kumbuyo."

Anzanga aja ananditembenukira kuti amve mmene ndiyankhire. Ine ndinati, "Malamulo salola kuti ndilowe ndi chule."

Anaseka onse. Yusufu nayenso anayesa kuseka, koma sizinatheke. Anaika jumbo ija pakhoma, n'kutsanzika bwinobwino, n'kumapita. Nsombazo tinadya.

Chaka chotsatira Yusufu anabwerera kuno. Anakwatira Abiti Saidi, mayi wogulitsa mandasi pasiteji paja. Analumikiza kompuresa yakeyake, ya openta galimoto, ndi kainjini ka petulo, zonse n'kuzimangirira pa wilibala. Anayamba kugwira ntchito m'madamu a m'maesiteti, kuchotsa matope ndi udzu pa sefa za mapampu pansi pa madzi. Ine ndinkangomva mbiri yake, sindinamulembere ngakhale kalata.

Zanga zinatha mu 2001. Loji anaigulitsa, mphunzitsi uja anabwerera kwawo, anzanga a makhadi aliyense analowera kwake. Pochoka mzunguyo anandisiyira zida zonse, matanki awiri, zipsepse za kumapazi, magalasi, zonse za njira yathu. Ndinatsika nazo minibasi pa Namadzi pano ngati ndabwera ndi digiri.

Tsopano tamverani uchitsiru wake. M'boma lonse la Chiradzulu munthu wa khadi ndinali ine ndekha. Lamulo loyamba likuti usalowe wekha. Lachiwiri likuti usalowe ndi wosakhala wa njira yathu. Ndiye ndilowa ndi ndani? A manijala a esiteti ina anandiitanitsa kawiri. Ndinawafunsa kuti wachiwiri wanga akhala ndani, iwo anati alipo Yusufu. Ndinawaonetsa khadi, n'kuwauza kuti ine sindisewera ndi moyo, n'kubwerako wapansi mpaka kwa Mauwa ndikudzimva kuti ndawaphunzitsa. Kachitatu sanandiitanenso.

Khasu ndinkaliona ngati chipongwe. Munthu woti ndatsogolerapo azungu pansi pa nyanja ndizikapalira nandolo? Pamenepo n'kuti ndili pabanja, ndipo akazi anga analima okha zaka ziwiri. Paja kuno mwamuna amakhala kwa mkazi, ndiye amalume awo atatopa anangonditulutsira katundu panja masanasana, anthu akuona. Ndinapita kwa achemwali anga, n'kundipatsa kanyumba kamene ankasungiramo nkhuni. Mwana wanga wamkazi anatsala kwa mayi ake, ndipo tikakumana panjira ankayang'ana kumbali.

M'kanyumba kameneko m'mawa uliwonse ndinkayala mkeka, n'kundandalika zida zanga mwa dongosolo lake. Ndinkaziyendera chimodzichimodzi, ndikutchula mayina ake m'Chingerezi mokweza, n'kumadziyankha ndekha mmene wachiwiri wako amayenera kukuyankhira. Ndikatha ndinkazilongedzanso. Matanki anali atauma kalekale, munalibe mpweya ngakhale wozimitsira kandulo. Palibe amene ankabwera kudzacheza. Anthu a kutchalitchi ndinali nditawauza kuti sadziwa kanthu, anzanga akale ndinkawayankha m'Chingerezi. Ndinali ndekha, abale, ndekhandekha, ndipo ndinkadziuza kuti ndi chifukwa choti palibe wofika pa msinkhu wanga.

Mowa unalowa pamenepo. Poyamba Loweruka lokha, kenako tsiku la msika, kenako tsiku lililonse limene dzuwa latuluka. Pamowa ndi pokhapo pamene anthu ankandimvetsera. Ndinkawaphunzitsa zizindikiro za manja za pansi pa madzi, iwo n'kumandithirira. Nkhani zitatha, wina anati ndibwere ndi zovala zake aone. Ndinabwera nazo. Munthu wamkulu, wa ndevu, kuvala magalasi ndi zipsepse, kumapalasa fumbi chafufumimba pakhomo la mayi wotcheza kachasu, anthu akuombera m'manja kuti Bwana Khadi akubira. Malipiro ake kabotolo kamodzi. Inu achimwene mwavala jekete yakudayo, munaliko, musaweramitse mutu. Sindikukuimbani mlandu, ndinkavala ndekha.

Tsopano ndifike pa tsiku limene landibweretsa pano. Linali tsiku la msika, cha m'ma teni koloko m'mawa. Ndinali pakhonde la pamowa paja ndi anthu ngati asanu, nditayamba kale kutenthedwa. Ndinaona munthu akukankha wilibala kuchokera kwa owotcherera zitsulo. Anali Yusufu. Anali ataonda, atamanga kansalu konyowa pamutu. Zaka zonsezo tinkazembana, koma tsiku limenelo anakhota n'kubwera molunjika pamene ndinakhala.

Anandipatsa moni ngati palibe chinachitikapo. Kenako anakhala pa chigwiriro cha wilibala n'kunena kuti, "Aise, mutu ukundisautsa. Ndikangotuluka m'madzi umachita ngati wina akuukhoma ndi hamala, nthawi zina mpaka kusanza. Kuchipatala akungondipatsa panado. A shehe anandipempherera. Ena akuti pali wondichitira nsanje pantchitoyi. Iwe unawerenga mabuku a zimenezi, tandionera makinawa, mwina pali chimene ndikulakwitsa."

Ndinadzuka, n'kuyang'ana. Sizinanditengere ngakhale mphindi imodzi. Kompuresa ili ndi kakamwa kamene imakokera mpweya woti munthu apume pansi. Injini nayo ili ndi ekizozi, potulukira utsi. Pa wilibala ya Yusufu ziwirizi zinali moyandikana, mpata wake ngati chikhatho changa ichi. Makina aja ankameza utsi wa petulo n'kumamutumizira m'paipi. Utsi umenewo ukalowa m'magazi sumva kuwawa pakhosi, sukutsamwitsa, umangokupweteketsa mutu, ndipo tsiku lina umakugonetsa tulo uli pansi pa madzi. Zinali pa tsamba loyambirira la buku lathu lija. Kunyanja, m'boti la tinsomba, kakamwa kameneko kankakhala pamwamba pa mtengo wautali, koma palibe amene anatiuzapo chifukwa chake. Ife tinkayesa kuti n'kuopa mafunde. Yusufu pomanga yake anaona kuti padamu palibe mafunde, ndiye mtengo wa chiyani.

Mankhwala ake anali paipi ya mamita awiri ndi nsungwi imodzi. Kulumikiza paipiyo pakakamwa paja, kuikweza pansungwi, kuiimika kumene kukuchokera mphepo. Basi. Mawu ake ndi omwe ndanenawa, ndipo anali pakamwa panga.

Ndinacheuka. Anthu a pakhonde paja ankadikira kuti Bwana Khadi anena chiyani. Ndipo mumtima mwanga munabwera kaukali kena. Munthu uyu, wosadziwa ndi tsamba loyamba lomwe, ndi amene akudya ntchito za m'madamu, ali ndi mkazi, ali ndi nyumba ya malata, ine wodziwa zonse ndikugona ndi nkhuni. Lero akufuna ndimupatse ulere chimene ine ndinakhalira m'kalasi? Lamulo lachitatu lija linabwera lokha kudzandithandiza.

Ndinati, "Njira yathu siphunzitsidwa zidutswa. Apa palibe chokonza, cholakwika ndi chilichonse. Kataye zonsezi m'chimbudzi, ukayambe sukulu."

Pakhonde panagwa phwete. Yusufu anandiyang'ana nthawi yaitali, maso ofiira ndi mutu uja. Sanakwiye. Anangoti, "Chabwino aise. Koma wadya lero?"

Ndinamuuza kuti zimenezo sizikumukhudza. Anagwira wilibala yake n'kumapita, tayala likulira.

Ndinadziuza kuti ndidzamuuza. Ndinkafuna abwerenso, abwere kwathu, agogode, apemphe bwinobwino, avomereze kuti ine ndi amene ndimadziwa. Ndikanamuuza tsiku limenelo. Ndinadikira sabata yoyamba, yachiwiri. Kwawo ndi ulendo wa ola limodzi ndi theka panjinga, ndipo njinga ya alamu anga inkangokhala pakhonde.

Sabata yachitatu, mwezi wa Okutobala, kunja kukutentha kopanda ndi kamphepo komwe, Yusufu analowa m'damu lina la kuchigwa. Utsi unangoima pamwamba pa wilibala. Amene ankamugwirira chingwe anali mlamu wake Che Amidu, mchimwene wa Abiti Saidi. Che Amidu anaona kuti thovu likuchepa, anakoka chingwe kufunsa, osayankhidwa. Pamene ankamutulutsa n'kuti paipi itachoka kale pakamwa. Anamufinya pamtunda mpaka anapuma, n'kuthamangira naye kuchipatala ku Blantyre pa thirakitala ndi pa galimoto ya esiteti. Anakhalako mwezi wathunthu.

Ine ndinamvera pamowa. Mukuganiza kuti ndinasiya kumwa tsiku limenelo? Iyayi. Ndinamwa kuposa kale, mwezi wonsewo, kuti ndisakhale ndi mphindi yoganiza. Zida zija ndinasiya kuziyala. Amene anandidzutsa ndi achemwali anga. Anaima pakhomo la kanyumba kaja m'mawa wina n'kunena kuti, "Mnzako anatuluka m'chipatala. Ndi agalu omwe apita kukamuzonda, watsala iwe. Dzuka usambe, ukundichititsa manyazi."

Ndinapita. Njira yonse ndinkakonzekera kutukwanidwa, ndipo kunena zoona ndinkafuna anditukwane. Ndinamupeza pakhonde, atakhala pampando wa ndalema, dzanja lamanzere likunjenjemera pamwendo. Atangondiona nkhope yake inawala. Anayankhula mokoka mawu, ngati lilime lalemera.

"Aise, wabwera. Boti lanyamuka kale?"

Ndinayang'ana Abiti Saidi. Iwo anati, "Ndi mmene aliri, alamu. Zakale akukumbuka. Za kunyanja angakuuzeni mpaka dzina la nsomba iliyonse. Koma za dzulo, za m'mawa uno, palibe. Ineyo masiku ena amandifunsa kuti ndine mlendo wa ndani."

Za ku loji sankazikumbuka. Za tsiku la wilibala lija sankazikumbuka. M'mutu mwake tinali tidakali anyamata awiri a bulangete limodzi. Anandigwira dzanja osafuna kulisiya, n'kumauza mkazi wake kuti andiphikire tiyi wa mkaka.

Sindinathe kupirira. Abiti Saidi atalowa m'nyumba ndinagwada pafupi ndi mpando uja n'kumuuza zonse. Za chule, za wilibala, za utsi, za paipi ya mamita awiri. Anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako misozi inayamba kutsika, n'kunena kuti, "Ndiye unkadziwa, aise? Iweyo?" Analira ngati mwana, ine n'kumalira naye. Tiyi atabwera anamwa, n'kupukuta kumaso. Kenako ananditembenukira akumwetulira n'kundifunsa ngati boti lanyamuka.

Ndinabwerera kwathu ngati sindinanene kanthu. Patatha masiku atatu ndinapitanso, n'kumuuzanso. Analiranso chimodzimodzi, mawu ake omwewo. Ndinkafuna kuti tsiku lina anene kuti ndakukhululukira, kapena anene kuti choka pakhomo panga, chilichonse chimene chingakhale mpaka mawa. Kachitatu ndili pakati pofotokoza, Abiti Saidi anatulukira n'kundikodola kuti ndiwatsatire kuseri kwa nyumba. Kumeneko, pansi pa nkhokwe, panali wilibala ija, nkhuku zitaikira mazira pambali pa injini.

Sanakweze mawu. Anati, "Alamu, ndakhala ndikumva. Tsiku loyamba lomwe ndinamva, khoma ili ndi lopyapyala. Sindinakuthireni madzi otentha chifukwa mukabwera amadya. Koma izi mukuchitazi zithere pano. Mukumulasa, iye n'kulira, inu n'kupepukidwa, mawa mwabweranso kudzamulasa pomwepo. Mukufuna akukhululukireni? Munthu amene akanakukhululukirani anatsala m'damu muja. Uyu musiyeni."

Ndinafunsa kuti nanga ndichite chiyani.

Anati, "Katundu wanuyo senzani nokha, ngati mmene ine ndasenzera wanga. Ngati muli ndi manja, bwerani Lachiwiri ndi Lachisanu mudzandithandize kumusambitsa, ndi wolemera. Ndevu zakenso ine zimandivuta. Koma pakhomo pano musadzafike mukununkha zimene mukununkhazi."

Abale, kusiya kwanga mowa kunayambira pamenepo, ndipo panalibe chozizwitsa chilichonse. Lachiwiri loyamba ndinafika nditatafuna masamba a bulugamu kubisa fungo. Anandibweza ndisanatsike n'panjinga pomwe. Lachisanu chimodzimodzi. Ndinaona kuti kuti ndifike wopanda fungo Lachiwiri, ndiyenera kusamwa Lolemba. Kuti ndigwire lezala pakhosi pa munthu Lachisanu manja osanjenjemera, ndiyenera kusamwa Lachinayi ndi Lachitatu lomwe. Mowa unatsala ndi Loweruka ndi Lamlungu. Unakhala pamenepo pafupifupi chaka, sindikunamizani, ndipo kawiri ndinagwa mpaka kujomba sabata yathunthu. Nditabwerako Abiti Saidi sanandifunse kumene ndinali. Anangondionetsa ndevu za mwamuna wawo mmene zakulira. Loweruka ndinalithetsa poyamba kulima dimba la achemwali, kuti pofika madzulo ndikhale nditatopa. Njira yodutsa pakhonde lija ndinaisiya, mpaka lero ndimazungulira kuseri kwa chigayo.

Kenako ndinapempha wilibala ija. Ndinagula paipi pa hadiweya, ndinadula nsungwi kudimba, n'kumanga. Ntchito yonse inatha madzi a tiyi asanawire. Ndinakhala pansi n'kumaiyang'ana, ndipo tsiku limenelo ndi limene ndinadzida kwambiri pa moyo wanga wonse.

Che Amidu ndi amene anatenga ntchito ya m'madamu, poti banja liyenera kudya. Ndinapita kukawapempha kuti ndizilowa nawo. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kufunsa kuti, "Malamulo anu aja alola?" Anandisiya ndikugwira chingwe pamtunda miyezi itatu asanandilole kuluma paipi. Lero timasinthana, wina pansi wina pachingwe, ndipo sitiyamba tisanaone kumene mphepo ikuchokera. Ndinawaphunzitsa kuti pokwera usamagwire mpweya m'chifuwa, uzitulutsa pang'onopang'ono. Iwo anandiphunzitsa kupeza sefa m'matope ndi mapazi, poti m'damu suona ngakhale dzanja lako, ndipo zimenezo m'buku lathu munalibe. Lamulo loyamba lija ndinalisunga, ndi labwino, munthu asalowe yekha. Awiri enawo ndinawasiya.

Ndimayendanso kwa okumba zitsime, kwa Nchema uko ndi kwina, amene amatsitsira pampu ya petulo m'dzenje iwo ali momwemo. Ndimawauza za utsi. Ena amamva, ena amati Bwana Khadi wayambanso. Ndikatero ndimapsa mtima, pakamwa panga mumapadziwa, koma sindichoka mpaka pampu ituluke m'dzenje. Chimene ndikudziwa ndimachinena pomwepo, kwa aliyense, ngakhale sanandifunse mwaulemu.

Musaganize kuti zonse zinabwerera. Akazi anga anakwatiwa ndi mwamuna wina, wolima bwino, ndipo sindiwadandaula. Mwana wanga anayamba kundiyankha moni, koma sanafikebe pondiuza za kusukulu. Ndimagonabe m'kanyumba komwe kaja, kungoti nkhuni tinazitulutsa. Madzulo ambiri ndimakhala ndekha, ndipo mmero umandikumbutsa njira ya pakhonde lija. N'chifukwa chake ndimabwera muno.

Inu amene mwangoyamba kumene kubwera, sindikudziwa chimene mukumwera. Mwina nanunso pali munthu amene simungathenso kumupepesa. Ine ndilibe nzeru zambiri zokupatsani. Pezani tsiku limodzi pa sabata limene munthu wina akufunika manja anu ali osanjenjemera, muyambire pamenepo. A tcheyamani, ndaona mwayang'ana wotchi kachitatu, ndikumaliza, zikomo pondipirira.

Dzana Lachisanu ndinali kwa Yusufu. Tinamusambitsa, tinamukhazika pakhonde, ine n'kumupaka sopo kumaso. Kunabwera alendo awiri a kumzikiti kudzamuona asanapite kokapemphera. Mmodzi sankandidziwa, ndiye anafunsa kuti ometawa ndi ndani. Yusufu anandigwira mkono ndi dzanja lake labwino lija, sopo ali mbuu kukamwa, n'kunena monyadira kuti, "Uyu ndi Mofati, mnzanga wa pamtima. Uyu sangakusiye pamavuto. Mukafuna munthu wokhulupirika pansi pa madzi, tengani uyu."

Alendo aja anagwedeza mitu, n'kundithokoza. Abiti Saidi anali pakhomo ndi beseni m'manja, akundiyang'ana. Ine sindinatsutse. Ndinamuuza kuti akweze chibwano, n'kupitiriza kumumeta.